Diresi loyamba la chitenje: mudule ndi choko, mukopere lakale, kapena mutsate patani ya papepala?

Mwezi wa Okutobala ukamayandikira, makonde a atelala pa Kamuzu Road amadzaza ndi zitenje. Tsiku la Anakubala la pa 15 Okutobala, zinkhoswe ndi maukwati a m'chilimwe, zonsezi zimakathera pa makina a anthu ochepa omwewo, ndipo wobweretsa nsalu mochedwa amauzidwa kuti adzabwere sabata yamawa. Nthawi imeneyi ndi imene amayi ambiri kuno ku Salima amakumbukira kuti pakona m'nyumba pali makina a Butterfly ovundikira ndi nsalu, amene ntchito yake yangokhala yosoka zigamba pa yunifomu za ana. Ndiye funso limabwera: kodi diresi sindingasoke ndekha?

Mungathe, achemwali. Kupalasa makina si kumene kumavuta, phazi limazolowera msanga. Chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi kudula. Nsalu ndi yafulati pamene thupi la munthu lili ndi mabere, msana wolowa, mbina ndi mapewa otsetsereka. Ntchito yonse ya patani, chojambula cha zigawo za chovala chimene mumatsata podula, ndi kugwirizanitsa ziwirizi sizasi isanakhudze chitenje. Njira zake zilipo zingapo, ndipo ine ndili nayo mbali yanga imene sindibisa: woyamba kumene aphunzire kwa diresi limene limamukhala kale bwino, ndipo ayambe wayesera pa nsalu yotsika mtengo. Komabe tiyeni tizione zonse, chifukwa zimene muli nazo pakhomo panu si zimene ali nazo anzanu.

Choko cha atelala

Njira imene tonse tinaiona ndi maso ndi ya atelala athu. Amakuyezani ndi tepi, kulemba manambala m'kope, kupinda nsalu, kujambula ndi choko, n'kudula pomwepo. Pepala palibe. Masamu ake si ovuta: nsalu yapindidwa pawiri, ndipo diresi lili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, choncho muyeso uliwonse wozungulira thupi umagawidwa panayi. Chifuwa cha mainchesi 40 chimakhala mainchesi 10 pansalu, n'kuwonjezerapo pang'ono kuti munthu apume, ndi pang'ono pena posokera.

Njirayi ndi yachangu ndipo sifuna kugula kanthu kupatula choko. Koma musanyengeke ndi kufulumira kwa mmisiri. Akamajambula mkombero wa m'khwapa kamodzi kokha osaimitsa dzanja, ali ngati mayi wophika nsima amene sayeza ufa ndi kapu: dzanja linaloweza kale, ndipo kuonerera kokha sikungakupatseni dzanja limenelo. Kuya kwa khwapa, kutsetsereka kwa phewa, kukula kwa khosi, zonsezi m'kope muja mulibe, zili m'mutu mwawo. Inu mukajambula molakwika, cholakwacho chili kale pachitenje. Chowawa kwambiri n'chakuti ngakhale mutachita mwayi diresi n'kukukhalani, mulibe chotsala m'manja choti mudzayambirepo pa diresi lachiwiri. Choko chafufutika, mudzayambanso kuganizira.

Pali njira yapakati imene ambiri saiganizira. Tengani mapepala akhaki okutira makope aja, muwamate kuti akule, mupite nawo kwa atelala amene mumawakhulupirira pa nthawi imene ntchito yawachepera. Muwapemphe mwaulemu kuti akuyezeni n'kukudulirani papepala, osati pansalu, ndipo muwalipire ntchito yodulayo mosanyinyirika. Ena amakana poopa kuti kasitomala wawathawa, ndipo ndi ufulu wawo. Wovomera adzakupatsani chinthu chimene mudzagwiritse ntchito zaka.

Lopanda patani konse

Lilipo diresi losafuna patani: mumapinda nsalu pakati, kuboola pakhosi, kusoka m'mbali n'kusiya potulukira manja. Pa kutentha kwa Novembala kuno kunyanja ndi chovala chanzeru, ndipo kwa amene amafuna chofika m'mapazi chosagwira thupi, monga mmene amayi ambiri amavalira pa Idi, chimakwanira. Dziwani chabe kuti chitenje chimodzi cha mamita 2 chikapindidwa chimakhala mita imodzi kuchokera paphewa, ndiye chimathera cha m'maondo. Lofika m'mapazi limafuna pafupifupi mamita 3. Sokani limodzi kuti dzanja lizolowere msoko wowongoka ndi kukonza pakhosi. Koma za kukwanitsa chovala pathupi, diresi limeneli silidzakuphunzitsani.

Diresi la pakaunjika ngati mphunzitsi

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Pafupifupi aliyense ali nalo diresi limodzi limene akalivala saganizanso za ilo: mapewa ali pamalo, m'khwapa simutsina, pokhala pansi silikoka. Diresi limenelo linayankha kale mafunso ovuta onse amene atelala amasunga m'mutu. Chatsala n'kukopera mayankhowo.

Pali njira ziwiri zokopera. Yoyamba ndi yosaononga diresilo. Mumalitembenuza, kulisita, kulipinda pakati motsata kutalika, kuyala papepala pamwamba pa bulangete, n'kubaya ndi pini motsata misoko kuti timabowo tisiye mzere papepalapo. Chigawo chilichonse chimajambulidwa pachokha, chakutsogolo payekha, chakumbuyo payekha. Njirayi imayenda bwino pa siketi ndi pa thupi la diresi losavuta, koma imavuta pa mkono ndi pamene pali madati, timisoko tosongoka tija timene timapinda nsalu kuti ikwane pabere kapena m'chiuno. Nsalu ina inabisala m'datimo, ndipo mukajambula osaibwezera, diresi latsopano lidzathina.

Yachiwiri ndi yophwasula, ndipo ndi imene ndimalimbikitsa. Simufunika kupereka diresi lanu lokondedwa. Pa tsiku la msika funani pakaunjika diresi limene mtundu wake simukuukonda, kaya lili ndi banga, bola likukwanani m'mapewa ndi pachifuwa. Otere ndi amene amatsala pansi pa mulu ndipo mtengo wake umatsika. Chofunika kwambiri: nsalu yake isakhale yotamuka. Ikokeni ndi manja m'lifupi. Ikatamuka ngati ya tisheti, isiyeni, chifukwa chovala chotamuka chimadulidwa chochepa kuposa thupi, ndipo mukakopera pachitenje, chimene sichitamuka, simudzalowamo.

Mukafika nalo kunyumba, musaphwasule lonse. Lidulemo pakati penipeni kutsogolo ndi kumbuyo, muphwasule theka limodzi lokha ndi lezala, pang'onopang'ono, theka linalo musunge lathunthu. Theka lophwasulalo ndiye patani yanu. Theka losungalo ndiye buku lanu la malangizo: mukasokonezeka kuti kansalu kapakhosi kanalumikizidwa bwanji, kapena mkono unayang'ana kuti, mumangolitembenuza n'kuona. Musanaphwasule, ikani zizindikiro ndi bolopeni pamene zigawo zikukumana, makamaka pamwamba pa mkono pokumana ndi msoko wa phewa, ndipo lembani kuti kutsogolo kwa mkono ndi kuti. Mkono sufanana mbali zake ziwiri, ndipo wosokedwa chotembenuza umakoka mukangotambasula dzanja.

Sitani zigawozo, muziike papepala, mujambule potsata pamene ulusi unadutsa, osati m'mphepete. Zovala za kufakitale zimasiya posokera pochepa, nthawi zambiri sentimita imodzi yokha, ndipo ovaloko, makina odula ndi kumanga mphepete kuti zisasosoke, inadyako pena. Inu wonjezerani panokha: masentimita 1.5 pakhosi, m'khwapa ndi paphewa, koma m'mbali musiye 2.5 kuti mudzakhale ndi potulutsira. Pa chigawo chilichonse jambulani muvi wosonyeza kumene ulusi wa nsalu unkayenda m'litali. Muvi umenewu uyenera kudzayenda mofanana ndi m'mphepete mwa chitenje, apo ayi diresi lidzapotoka likachapidwa.

Kuipa kwake kulipo. Mumapeza sitayilo imene mwapeza, osati imene munaona pa Facebook. Diresi lovalidwa nthawi yaitali limakhala litatamuka pakhosi. Ndipo nsalu yofewa yoterera imagwa pathupi mosiyana ndi chitenje, chomwe chimaima chokha: mapindo amene ankaoneka bwino pa nsalu yofewa amatukumuka pachitenje. Choncho sankhani diresi la thonje kapena la nsalu yolimbirapo ngati chitenje chomwecho.

Patani yogula kapena yotsitsa pa intaneti

Mapatani a papepala a masaizi osiyanasiyana anayamba kugulitsidwa ku America mu 1863 ndi Ebenezer Butterick, ndipo dzina lake likadalipo pambali pa maina ena a mapatani monga Simplicity, McCall's ndi Vogue. Ku Germany kuli magazini ya zosoka yotchedwa Burda, imene inayamba kutuluka mu 1950. Kuno ku Salima si chinthu choti mungangolowa m'sitolo n'kugula. Amene amawagwiritsa ntchito nthawi zambiri amatsitsa pa intaneti ngati PDF n'kukapulintitsa pa boma. Diresi limodzi likhoza kudya mapepala a A4 okwana 20 kapena kuposa, oti muwamate motsata manambala.

Mukapita kukapulintitsa, auzeni achimwene apakompyutapo kuti asankhe Actual size kapena 100%, osati Fit to page. Ayambe atulutsa tsamba limodzi lokha lomwe lili ndi kabokosi koyesera, inu muyeze kabokosiko ndi tepi pomwepo musanalipire masamba ena. Pepala la ku America lotchedwa Letter silifanana ndi A4 yathu, ndipo kompyuta ikachepetsa chojambulacho pang'ono chabe, pa mahipi pamasowa masentimita angapo.

Ubwino wa patani yotere ndi waukulu, sindingaubise. Mizere yake inajambulidwa ndi akatswiri, mkono umalowa bwino m'khwapa, zizindikiro zilipo, ndipo malangizo amakuuzani choyamba ndi chotsatira. Woifuna sitayilo imene palibe pakaunjika apa ndi pamene angaipeze.

Vuto lake ndi thupi limene anali kuliganizira pojambula. Pa mapatani a ku America amene ndatchula aja, saizi 14 ndi chifuwa cha mainchesi 36, chiuno 28, mahipi 38. Ku Burda, saizi 38 ndi masentimita 88, 70 ndi 94, pa munthu wotalika masentimita 168. Taonani kusiyana kwa chifuwa ndi mahipi: pafupifupi mainchesi awiri okha. Ambiri a ife timaposa pamenepo kutali. Komanso mapataniwa amaganizira mabere apakatikati, oti muyeso wa pamwamba pa mabere ndi wa pamabere penipeni usiyane ndi masentimita 5 okha. Thupi lanu likapanda kugwirizana ndi manambala amenewa, palibe cholakwika ndi thupilo. Pepala ndilo liyenera kusintha.

Zina ziwiri zoti musaiwale. Nambala ya saizi imene mumavala pakaunjika ilibe ntchito pano, yezani thupi n'kuyang'ana pa tebulo la miyeso. Ndipo onetsetsani ngati posokera anawerengera kale. Mapatani a ku America aja amaphatikiza masentimita 1.5, pamene a m'magazini ya Burda saphatikiza, mumawonjezera nokha. Wodula pamzere penipeni osadziwa zimenezi diresi lake limachepa mbali zonse.

Ndiye kwa woyamba, patani yotsitsa ndi yabwino ngati ali ndi bandulo, ndalama yopulintira, ndi mtima wodekha woti akonze papepala. Amene akuganiza kuti pepala lachizungu limupulumutsa ku ntchito yokonza adzakhumudwa.

Kujambula yanuyanu ndi tepi ndi rula

Iyi ndi imene amaphunzira anzathu a utelala m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, ndipo ndi imene imamasula munthu pamapeto pake. Mumajambula patani yoyambira kuchokera pa miyeso yanu, kenako sitayilo iliyonse imatuluka pamenepo. Tiyerekeze kuti chifuwa ndi masentimita 100. Wonjezerani 6 a mpata wopumira, mwapeza 106, kugawa panayi ndi 26.5. Mahipi a 110 kuwonjezera 6 ndi 116, panayi ndi 29. Chiuno chimafuna mpata wocheperapo, 2 kapena 3. Kugawa panayi mofanana ndi poyambira chabe: pachifuwa, kutsogolo kumafuna zambiri kuposa kumbuyo, pamene pa mahipi ndi kumbuyo kumene kumafuna zambiri.

Sindiilimbikitsa pa diresi loyamba pokhapokha muli ndi wokuonetsani, chifukwa khwapa ndi mkono ndi zovuta kujambula osazionapo. Siketi yokha mungayambe nayo lero lomwe. Ndipo palibe choletsa kusakaniza: kumtunda kuchokera ku diresi la pakaunjika, siketi yojambula nokha.

Njira iliyonse imene mwasankha, miyeso ikhale yoona. Akuyezeni munthu wina, inu mutaima bwinobwino osakoka mimba. Vulani chitenje cha m'chiuno, ndipo muvale bra imene mudzavale ndi diresilo, chifukwa imasuntha nsonga ya bere. Mangani kalastiki pamimba n'kuweramira kumbali, pamene kakhazikika ndiye m'chiuno mwanu, ndipo kawirikawiri ndi pamwamba kuposa pamene timamangira chitenje. Tepi ili ndi mainchesi mbali ina, masentimita mbali ina. Atelala athu amakonda mainchesi, mapatani ambiri apaintaneti ali ndi zonse ziwiri. Sankhani imodzi musasinthe. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54.

Pokonza: m'mbali kapena m'kati mwa pepala?

Musanakhudze chitenje, sokani loyesera. Shiti yakale ya pabedi kapena ya pakaunjika ndiyo yabwino, bola isakhale yotamuka. Dulani kumtunda kokha ndi siketi yofika m'ntchafu, osapinda m'munsi, osakonza pakhosi. Sokani ndi misoko italiitali yosavuta kusolola, muvale misoko ili kunja, mnzanu akhale ndi mapini ndi bolopeni. Tsiku limodzi limene mungataye pa shiti limapulumutsa chitenje chimene ana anakugulirani.

Kukonza kumayambira kumwamba kutsika. Diresi limapachikika pamapewa, ndiye mapewa akalakwika, chilichonse chimene mungakonze pansi chidzasokonekeranso mukabwerera kumwamba. Msoko wa phewa uthere pa fupa la kumapeto kwa phewa. Kenako onani kutalika: kodi chiuno cha diresi chili pa chiuno chanu? Ngati chatsika, pindani pepala mopingasa pakati pa khwapa ndi chiuno. Ngati chakwera, dulani pepala pomwepo n'kumatapo lina pakati. Osachepetsera kapena kuwonjezera m'munsi mwa diresi, chifukwa mukatero chiuno ndi mahipi zimatsalabe pamalo olakwika. Za kukula kwa m'mbali zimabwera pomaliza.

Makwinya amalankhula. Olimba opingasa akutanthauza kuti pathina. Otayirira otsika pansi akutanthauza kuti nsalu yachuluka m'lifupi. Opendekera amaloza pamene pakusowa malo, ndipo kawirikawiri amaloza kubere kapena kumbina.

Tsopano pali njira ziwiri zokonzera, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kumalekanitsa diresi lokwana ndi longolowa. Yoyamba ndi yobweza kapena kutulutsa m'mbali, imene timaiona kwa atelala tikabweza chovala. Ndi yachangu, ndipo imakwanira ngati kusiyana kuli kochepa. Kumbukirani kuti m'mbali muli mphepete zinayi, ndiye mukafuna kuwonjezera masentimita 4 pa mahipi, pa mphepete iliyonse mukuika imodzi yokha. Ndi njira yomweyi imene imathandiza amene kumtunda ali saizi ina, kumunsi saizi ina: mumajambula mzere wokhota pang'onopang'ono kuchoka pa saizi yaing'ono m'chiuno kupita pa yaikulu m'mahipi. Kwa ambiri a ife kukonza kumeneku n'kosathawika.

Koma m'mbali simungathetse zonse. Mayi wa mabere aakulu akasankha saizi potsata chifuwa, amapeza khosi layasama, mapewa akugwa, m'khwapa mwatseguka mpaka bra kuonekera. Akabweza m'mbali, pachifuwa pamathina. Chifukwa chake n'chakuti malo akusowa kutsogolo kokha, ndipo akusowa m'lifupi ndi m'litali momwe, pamene msana ndi mapewa ake ndi aang'ono. Apa ndi pofunika njira yachiwiri, yong'amba pepala m'kati.

Imayenda chonchi. Yezani pamwamba pa mabere, tepi idutse m'khwapa, kenako pamabere penipeni. Tinene kuti mwapeza masentimita 92 ndi 102. Kusiyana ndi 10, pamene patani imayembekezera 5. Sankhani saizi ya chifuwa cha 97, ndiye kuti 92 kuwonjezera 5, imene idzakukwanani m'mapewa, ndipo 5 otsalawo muwonjezere kutsogolo kokha, ndiye kuti 2.5 pa theka la pepala limene muli nalo. Ikani kadontho pa nsonga ya bere. Dulani pepala kuchokera m'chiuno kukwera mpaka pakadontho, n'kukhotera kukhwapa, koma osamaliza, musiye kachingwe kogwira. Dulaninso kuchokera kumbali, pakati pa dati, kulunjika pakadontho, osamalizanso. Tsopano kokerani chigawo chakumbali mpaka mpata wotsika uja ukwane 2.5 monsemo. Mudzaona dati ya kumbali ikutseguka yokha n'kukula, ndipo chigawo chakumbali chitatsika kuposa chapakati. Dulani chapakaticho mopingasa cha kumunsi, mutsitse kuti zilingane, mumate pepala lina pansi pa mipata yonse. Khosi ndi phewa sizinasinthe, koma bere lapeza nyumba yake. Posoka, nsonga ya dati ithere masentimita 2.5 kapena 3 isanafike pa nsonga ya bere. Ikafika penipeni pamatuluka kansonga konyansa.

Kumbuyo nakonso kuli zake. Amene ali ndi mbina amadziwa diresi limene kutsogolo lili bwino koma kumbuyo lakwera, ndipo pamwamba pa matako nsalu yaunjikana m'makwinya opingasa. Mavutowa ndi awiri. Kuunjikanako kumachoka mukatsina nsalu yotsalayo pakati pa msana m'chiuno, kuigwira ndi pini, n'kuichepetsa pang'onopang'ono mpaka ithe pofika m'mbali, kenako kupinda chimodzimodzi papepala. Kukwerako kumafuna kudula pepala lakumbuyo mopingasa pa mahipi, kuchokera pakati pa msana mpaka pafupi ndi m'mbali, n'kutsegula kampata kosongoka kuti kutalika kuwonjezeke pakati pokha. Madati a kumbuyo muwazamitse pang'ono. Chifukwa cha zimenezi, ine ndimakonda diresi loyamba likhale ndi msoko wa m'chiuno komanso msoko pakati pa msana: misoko imeneyi ndi makomo okonzera. Siketi yake ikhale yotambasuka pang'ono kapena yokwinyira, chifukwa yothina imafuna kuti mahipi mulondole ndendende.

Mukamaliza, musangoima pagalasi. Kwezani manja ngati mukutula ndowa. Weramani ngati mukusesa. Khalani pampando, ndipo yerekezani mmene mumakhalira pa kabaza, chifukwa kuno ulendo wa kutchalitchi kapena ku chinkhoswe nthawi zambiri umayambira pamenepo. Diresi lokongola poima koma lokwera m'ntchafu pokhala silidzavalidwa kawiri. Chilichonse chimene mwasintha pa shiti chibwezeni papepala tsiku lomwelo, mulembepo dzina ndi deti.

Zipi, lastiki kapena lamba

Zipi imaopsa oyamba, ndipo mukhoza kuipewa, koma dziwani mtengo wake. Diresi lopanda zipi liyenera kudutsa pamutu ndi pachifuwa, ndiye chiuno chake sichingachepe kuposa chifuwa. Kuti lioneke logwira thupi, mumadalira lastiki kapena timalamba tosokerera m'mbali tomanga kumbuyo. Ine ndimasankha timalamba: lastiki imasunga thukuta ndipo imafooka ndi dzuwa la pachingwe, pamene lamba amalola thupi kusintha. Pakhosi muyeze mutu pamodzi ndi tsitsi, chifukwa khosi lodutsa lero likhoza kukana mawa mukamanga meshi. Mukasankha zipi, ikani yakumbuyo ya mainchesi 20 kapena 22, ndipo muyambe mwaigwiriza ndi singano yapamanja musanapite nayo pamakina. Mayi woyamwitsa asavutike ndi zonsezi, aike mabatani kapena zipi kutsogolo.

Chitenje chenichenicho

Dera lathu lino limalima thonje, koma si chitenje chilichonse cha pamsika chimene ndi thonje. Zilipo za Mapeto za ku Blantyre, zochokera ku Tanzania ndi ku Zambia, ndi zambiri za poliyesitala zimene zimawala bwino koma zimaotcha pathupi. Dulani kachidutswa muyatse ndi machesi: thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesitala imasungunuka n'kuuma ngati pulasitiki. Chapani chitenje musanadule, chifukwa thonje limabwerera likalowa m'madzi koyamba, ndipo kuuma kwa chitenje chatsopano kumabisa mmene nsaluyo imagwera. Sitani bwino, kaya ndi simbi yamakala, ndipo simbiyo ikhale pafupi mpaka kumapeto. Msoko uliwonse usitidwe musanaudutsitse wina.

Chitenje chimakhala cha m'lifupi pafupifupi masentimita 110 mpaka 115. Chimodzi cha mamita 2 chikhoza kukwanira diresi lowongoka lopanda manja lofika m'maondo kwa munthu wapakatikati. Mukafuna manja kapena siketi yotambasuka, gulani ziwiri zofanana tsiku lomwelo, chifukwa mukadzabwerera mtunduwo udzakhala utatha. Yalani mapepala onse pansalu musanadule ngakhale chimodzi, ndipo yang'anani maluwa. Mkombero waukulu usagwere pabere kapena pakati pa matako, ndipo ngati pali mbalame kapena nyumba, zisaime chadodolido kumbuyo.

Layining'i ya poliyesitala imene atelala amaika m'kati mwa diresi ili bwino ku Dedza kapena m'nyengo ya mwera, koma kuno mu Okutobala ndi chilango. Ngati chitenje sichionekera, isiyeni. Pakhosi ndi m'khwapa malizani ndi kansalu kodulidwa chopendekera kamene amati bayasi, kochokera ku zotsala za chitenje chomwecho. Makina opalasa ngati Butterfly amasoka mzere wowongoka wokha, ndiye kuti mphepete zisamasosoke, mukhoza kupinda pang'ono mphepete iliyonse n'kuisoka payokha, kapena kukapitiritsa ovaloko kwa atelala pa kandalama kochepa. Singano ya nambala 14 imakwanira chitenje, ndipo ikhale yatsopano.

M'munsi mupinde pomaliza penipeni. Valani diresi ndi nsapato zimene mudzavale nalo, muime pamalo afulati, mnzanu ayeze ndi rula kuchokera pansi kukwera, akuika mapini mozungulira pa muyeso umodzi. Mukavula mudzaona kuti mzere wa mapiniwo si wowongoka, kumbuyo kwatalikirapo. Musauwongole, dulani motsata mapini, koma pansi pake musiye masentimita 3 opindira.